Funsani Amalume: Kagalimoto ka asilikali kopanda zitseko kaja kanachokera kuti?

Mwezi wathawu tinaika chithunzi cha kagalimoto kakale ka asilikali, kopanda zitseko, kokhala ndi nyenyezi yoyera pa boneti. Ife timangoti tikongoletse tsamba basi, koma ndiye mwatumiza mafunso osati masewera. Ndasankhapo angapo, ofanana ndawaphatikiza pamodzi.

FUNSO: Amalume muli bwanji? Ine ndi mnzanga takangana mpaka kutsala pang'ono kudana. Iye akuti kagalimoto munaika kaja ndi Land Rover yoyambirira, ine ndikuti ndi Jeep ya ku America. Tiweruzeni chonde, komanso mutiuze anakapanga ndani. Ndine wokonda magalimoto akale.

YANKHO: Ndili bwino achimwene, kaya inu. Mlanduwu mwawina ndinu, imeneyo ndi Jeep, dzina lake la kufakitale ndi Willys MB, ndipo nthawi imeneyo Land Rover inali isanabadwe n'komwe. Koma funso lanu lachiwirilo, loti anaipanga ndani, apo mpomwe pagona nkhani, ndipo ine ndikamaifotokoza mtima umandiwawa ndithu chifukwa amene anakhetsa thukuta si amene anadyerera.

Tiyambire mu 1940. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inali itayaka kale ku Ulaya, Germany itagwetsa France m'masabata owerengeka chabe, ndiye akuluakulu a asilikali ku America, ngakhale dziko lawo linali lisanalowe nkhondoyo, anaoneratu kuti moto ukubwera. Pa ntchito yozonda adani ndi kuthamangitsa mauthenga ankadalira njinga zamoto, zina zokhala ndi kampando pambali zija, koma njinga ikafika pamatope kapena pamchenga mukudziwa kale zomwe zimachitika. Ankafuna kagalimoto kakang'ono, kafupi koti kazitha kubisala, kokoka ndi matayala onse anayi, konyamula anthu atatu ndi mfuti ya chiwaya. Mu Julayi chaka chomwecho anatumiza tenda ku makampani 135, koma malamulo ake anali owawa zedi: galimoto yoyesera ifike pasanathe masiku 49, ndipo isalemere kupitirira makilogalamu 590. Tangoganizani, galimoto ya 4x4 yonse yathunthu, injini, giyabokosi, ma dif awiri (magiya ogawa mphamvu ku matayala), zonsezo zikwane pa 590. Makampani akuluakulu anangoiyang'ana n'kuisiya. Amene anayankha anali awiri okha, Willys-Overland ya ku Toledo m'chigawo cha Ohio, ndi kakampani kena kotchedwa American Bantam ka m'tauni ya Butler ku Pennsylvania.

A Bantam amenewa anali pa umphawi weniweni. Ankapanga timagalimoto ting'onoting'ono tochokera ku mtundu wa Austin Seven ya ku Britain, koma anthu a ku America sankatifuna, iwo n'ngokonda zigalimoto zikuluzikulu, ndiye fakitale inali itatsala pang'ono kutsekedwa. Tenda imeneyi kwa iwo inali ya wafawafa. Anaitana injiniya wina wodziyimira payekha wa ku Detroit, Karl Probst, ndipo mkuluyu anajambula mapulani onse m'masiku awiri okha. Atapambana tenda yoyambayo anayamba kumanga ndi manja usana ndi usiku, motsogozedwa ndi mkulu wa fakitale Harold Crist, injini anakagula kwa a Continental, ma ekiselo ndi giya yogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo anakatenga kwa a Spicer, zina n'kumatolatola pa timagalimoto tawo tomwe tija. Pa 23 Sepitembala 1940, tsiku lomaliza lenileni, anafika nayo ku Camp Holabird ku Maryland komwe asilikali ankayesera magalimoto, ndipo sanainyamule pa lole ayi, anachita kuiyendetsa pamsewu kuchokera ku Butler.

Asilikali anaizunza kagalimotoko, m'matope, m'maenje, kukwera zitunda, ndipo anakakonda. Apa ndiye panalowa chinyengo chovala suti. Boma linati a Bantam ndi ochepa mphamvu, sangathe kupanga magalimoto masauzande, komanso mapulani aja tsopano ndi katundu wa boma poti ndife talipira. Ndiye analola mainjiniya a Willys ndi a Ford kubwera ku Holabird kudzaonerera, kuyeza, kulemba, mpaka mapulani anawapatsa. Posakhalitsa Willys inabwera ndi yake yotchedwa Quad, Ford inabwera ndi Pygmy, zonse nkhope yofanana ndi ya Bantam ngati ana a bambo mmodzi. Kampani iliyonse anaipatsa oda ya magalimoto 1,500 kuti ayesedwe bwinobwino, ndipo lamulo la kulemera lija analikweza kufika pa makilogalamu 980 ataona kuti 590 inali maloto.

Chomwe chinawinitsa Willys ndi injini. Injini yawo, yomwe ankaitchula kuti Go Devil, ya masilinda anayi, malita 2.2, inkatulutsa mphamvu ya mahatchi 60 pomwe anzawo awiriwo ankathera cha m'ma 45, ndipo ya Ford inali yochokera ku thirakitala. Vuto linali loti Willys inali yolemera kupitirira muyeso, ndiye injiniya wawo wamkulu Barney Roos anachita kuisenda pang'onopang'ono, kudula mabawuti otalika, kupepuza zitsulo, mpaka penti yomwe kuichepetsa kuti ikwane pa sikelo. Mu Julayi 1941 Willys inapatsidwa kontirakiti ya magalimoto 16,000 pa mtengo wa madola pafupifupi 739 imodzi. Kenako zitaoneka kuti nayonso Willys siikwanitsa yokha, anauza Ford kuti izipanga galimoto yomweyo potsatira mapulani a Willys, n'kuitcha GPW. Pomwe nkhondo inkatha mu 1945, Willys inali itapanga pafupifupi 360,000, Ford pafupifupi 280,000, zonse pamodzi cha m'ma 640,000.

Nanga a Bantam aja? Anangopanga zosakwana 3,000, zambiri mwa izo n'kutumizidwa kwa a Britain ndi a Soviet Union, kenako anauzidwa kuti azipanga timangolo tokokedwa kumbuyo kwa Jeep. Eya, amene anabereka mwanayo anasanduka wonyamula katundu wake. Nkhondo itatha a Willys ankalengeza m'manyuzipepala ngati kuti iwo ndi amene anayambitsa zonse, mpaka mu 1948 bungwe la boma loona za malonda, Federal Trade Commission, linawaletsa kunena zimenezo. Koma chigamulo sichidyetsa munthu. Bantam sinapangenso galimoto ina, ndipo mu 1956 inamezedwa ndi kampani ina ya zitsulo. Ndiye mnzanuyo mukamuuze kuti ndi Jeep, koma mukatchulenso Butler.

FUNSO: Amalume, dzina loti Jeep limatanthauza chani? Aphunzitsi athu anati ndi chidule cha GP. Ndine mwana wa sukulu.

YANKHO: Mwana wanga, aphunzitsi ako anena zomwe anthu ambiri amanena, zoti GP ndi mawu achingerezi otanthauza galimoto ya ntchito iliyonse ndipo ukawatchula mothamanga amamveka ngati jipi. Koma GP imeneyo inali zilembo za a Ford za m'fakitale mwawo, G kuimira kuti ndi oda ya boma, P kuimira galimoto yomwe mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi mainchesi 80. Komanso mawu oti jeep analipo kale kagalimotoka kasanabwere. Asilikali ankatchula choncho msilikali watsopano amene sanakhwime, ngakhalenso makina atsopano amene sanayesedwe. Ndiye kunalinso kanyama ka m'zojambula zoseketsa za Popeye, Eugene the Jeep, komwe kanatulukira mu 1936, kanyama kotha kudutsa paliponse ngakhale pakhoma, ndipo anyamata a nthawi imeneyo anakula akukawerenga. Ine ndimaona kuti zinthu ziwiri zomalizazi ndi zomwe zinakumana. Chomwe chinafalitsa dzinalo ndi cha mu Febuluwale 1941, pomwe dalaivala woyesa magalimoto wa Willys, Red Hausmann, anakwera nayo masitepe a nyumba ya malamulo ku Washington atolankhani akuonerera, ndipo nyuzi ya Washington Daily News inalemba nkhaniyo ndi dzina loti jeep. Willys inadzalembetsa dzinali kukhala lakelake mu 1950.

FUNSO: Bwana, ine ndikuphunzira umakaniki. Ndikufuna kudziwa m'kati mwake munali zotani, komanso ingapikisane ndi ma 4x4 amasiku ano?

YANKHO: Funso ili ndalikonda kwambiri. Tiyeni tikwere limodzi. Chitseko palibe, mumangodumphira. Mukakhala pampando wa dalaivala dziwani kuti mwakhalira thanki ya petulo, malita pafupifupi 57, ndipo pothira mafuta mumachita kudzuka n'kunyamula khushoni ya mpandoyo, chitsekerero chili pansi pomwepo. Kunkhondo, zipolopolo zikuuluka, munthu atakhala pa petulo! Kudzanja lamanja kuli ndodo zitatu: yaitali ndi giya, zopita kutsogolo zitatu ndi livesi, ina yaifupi ndi yolowetsera matayala akutsogolo kuti nawonso azikoka, yachitatu ndi yosankhira giya yamphamvu ya pamatope ndi pachitunda. Kiyi wa sitata musamufunefune, mumaponda batani la pansi ndi phazi. Mvula ikamagwa wayipa mumapukusa ndi dzanja, dzanja lina lili pa chiwongolero. Galasi la kutsogolo limapindika n'kugona pa boneti, ndipo ankaliphimba kuti lisanyezimire ndi dzuwa n'kuwaulula kwa adani. Pambali, mbali ya dalaivala, pamangiriridwa fosholo ndi nkhwangwa, kumbuyo tayala la sipeya ndi chigubu cha mafuta.

Kanthu kamodzi komwe ine kamandisangalatsa ndi nyali zakutsogolo. Anaziika pa mahinjesi, ndiye galimoto ikafa usiku mumatsegula boneti, kumasula kanati kamodzi n'kutembenuza nyaliyo kuti iziunika mu injini momwe mukugwira ntchito. Amene anaganiza zimenezo ndi munthu woti anagonapo kunsi kwa galimoto mumdima. Boneti yafulati ija ndi chitsulo cha kumaso chokhala ndi mipata 9 zinachokera kwa a Ford, poti iwo anaona kuti kudinda chitsulo chimodzi n'kwachangu komanso kotchipa kusiyana ndi kuwotcherera timizati tambirimbiri ngati mmene a Willys ankachitira poyamba. Ndipo boma linalamula kuti masipeya a Willys ndi a Ford azilowana, moti makaniki kutchire ankatha kuphwasula ziwiri zakufa n'kudzutsa imodzi osayang'ana kuti iyi ndi ya ndani. A Ford okha, pofuna kuti asamalipiritsidwe zinthu zoonongeka za anzawo, ankadinda chilembo F pa zitsulo zawo, mpaka pamutu pa bawuti. Anthu amene amakonza magalimoto amenewa masiku ano amakhala akupala dzimbiri pa bawuti iliyonse kufunafuna F ameneyo.

Zopikisana ndi zamasiku ano, pa tala iiwaleni. Liwiro lake lomaliza linali cha m'ma makilomita 105 pa ola koma pamenepo moyo uli m'manja, mabuleki ndi a dilamu opanda chothandizira, chiwongolero cholimba, magetsi a mavoti 6, masipuling'i ouma oti msana umamva mwala uliwonse, lamba palibe, denga ndi tenti. Ndipo inkagubuduzika ikakhota mothamanga, asilikali ambiri anavulala ndi kufa pa ngozi osati ndi chipolopolo. Koma kutchire nkhani imasintha, chifukwa kagalimotoka kankangolemera tani imodzi ndi pang'ono, n'kafupi, n'kowonda, ndiye kamadutsa pakati pa mitengo pomwe zigalimoto zamasiku ano za matani awiri ndi theka zingakanirire, ndipo kakatitimira amuna angapo amakanyamula kumbuyo n'kukasuntha. Inu amene mukuphunzira umakaniki, injini ngati imeneyo ndi sukulu yabwino kwabasi, chilichonse chili poyera, kabuleta, mapointi, mapulagi, kompyuta mulibe.

FUNSO: Amalume, mwana wanga ataona chithunzi chija anandifunsa kuti kodi kagalimoto kokongola chonchi ntchito yake inali kupha anthu basi? Ndinasowa chomuyankha. Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, mwanayo wafunsa zanzeru ndipo tisamunamize. Inde kanali chida cha nkhondo. Ankakamangirira mfuti za chiwaya, kankakoka mizinga ing'onoing'ono yophulitsira akasinja, ndipo m'chipululu cha kumpoto kwa Africa gulu la asilikali a Britain la SAS, lotsogozedwa ndi David Stirling, linkazungulira kutali m'mchenga n'kukatulukira kumbuyo kwa adani. Mu Julayi 1942 analowa usiku ndi ma Jeep 18 pa bwalo la ndege la Sidi Haneish ku Egypt n'kuotcha ndege za Germany zili pansi. Zimenezo n'zoona. Nawonso adani ankawatchera, kumanga waya wopingasa msewu pa msinkhu wa khosi poti galasi limakhala logoneka, n'chifukwa chake pa zithunzi zina mumaona chitsulo chachitali choimirira pa bampa, chinali chodulira waya ameneyo.

Koma mumuuzenso kuti kagalimoto komweko kanapulumutsa anthu osawerengeka. Ankakaikira zitsulo zogonekapo machira, ovulala awiri kapena atatu, n'kuwatulutsa malo oti ambulansi yeniyeni singafike. Kankayala mawaya a telefoni, kunyamula chakudya, makalata ochokera kwa makolo. Abusa ndi ansembe a asilikali ankayala nsalu pa boneti yafulati ija n'kuchititsa mapemphero pomwepo. Kwina ankakachotsa matayala n'kuika a chitsulo kuti kaziyenda pa njanji kakukoka mabogi. Mtolankhani wotchuka wa nkhondo imeneyo, Ernie Pyle, analemba kuti ndi kokhulupirika ngati galu, kamphamvu ngati bulu, kochenjera miyendo ngati mbuzi, ndipo iyeyo ankayenda ndi asilikali wamba tsiku ndi tsiku, ankadziwa chomwe akunena.

FUNSO: Ndiye ngati Jeep inayamba, Land Rover ndi Land Cruiser anaba nzeru?

YANKHO: Kuba ndi mawu olemera achimwene, koma ubale ulipo ndipo eni ake sabisa. Nkhondo itatha Willys inatulutsa CJ-2A mu 1945, Jeep ya anthu wamba, yolozera alimi, yokhala ndi chitseko cha kumbuyo, mipata 7 kumaso m'malo mwa 9, ndiponso shafti yoyendetsera makina a pamunda, ankati izilima ngati thirakitala. Ku Britain, Maurice Wilks, injiniya wamkulu wa kampani ya Rover, anali ndi Jeep yotsala kunkhondo pa famu yake pa chilumba cha Anglesey ku Wales, ndipo poganiza kuti ikadzatha adzagula chani, iye ndi mkulu wake Spencer anati tipange yathu. Land Rover yoyesera ya 1947 anaimanga pa chesesi ya Jeep yeniyeni, chiwongolero chili pakati. Bodi anaipanga ya aluminiyamu chifukwa chitsulo chinali chosowa ndipo boma linkachita kugawa, ndipo anaionetsa koyamba ku Amsterdam pa 30 Epulo 1948. Ku Japan, Toyota inapanga BJ mu 1951 nthawi ya nkhondo ya ku Korea, ndipo poyamba ankaitchula kuti Toyota Jeep, a Willys atadandaula za dzinalo ndi pomwe mu 1954 inasanduka Land Cruiser.

Ena anachita kugula chilolezo. Mahindra ku India inayamba kulumikiza ma Willys chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Hotchkiss ku France inkapangira asilikali a kwawo, Mitsubishi inapanga Jeep kuyambira 1953 mpaka 1998. Ku Philippines ma Jeep omwe asilikali a America anasiya, anthu anawatalikitsa, kuika denga ndi mabenchi awiri oyang'anizana, kupenta mitundumitundu, n'kukhala ma jeepney onyamula anthu mpaka lero. Ku Colombia alimi a khofi a m'mapiri amawapachika matumba mpaka galimoto osaoneka. A Germany nawo anali ndi kawo panthawi ya nkhondo, Kübelwagen ya Volkswagen, koma iyo inkakoka ndi matayala akumbuyo okha ndipo anangopanga cha m'ma 50,000, yerekezani ndi 640,000 zija.

FUNSO: Amalume ndinaona pa intaneti kuti kuli ma Jeep ankhondo atsopano, akadali m'mabokosi, ogulitsa motchipa. N'zoona? Nanga asilikali a America akugwiritsabe ntchito?

YANKHO: Ndalama yanu igwireni bwino bambo. Nkhani ya Jeep ya m'bokosi ya madola 50 ndi yakale kwambiri, inayamba nkhondo itangotha, anthu ankaika timalonda m'magazini, munthu akatumiza ndalama amangolandira kapepala kofotokoza mmene angapikisanire pa okushoni ya katundu wa boma, galimoto osaiona. N'zoona kuti ena ankatumizidwa kunkhondo atapakidwa m'mabokosi a matabwa kuti asadye malo m'sitima, zithunzi zake zilipo ndipo n'zomwe akuba amagwiritsa ntchito, koma amenewo ankatsegulidwa akangofika. Yeniyeni ya nthawi ya nkhondo yokonzedwa bwino lero ndi katundu wodula, wa anthu osunga zakale.

Ku usilikali inapuma kalekale. Pambuyo pa MB kunabwera M38 mu 1950 yomwe inagwira ntchito ku Korea, kenako M38A1 ya boneti yozungulira mu 1952, kenako M151 yopangidwa ndi Ford yomwe inatchuka ku Vietnam. M151 imeneyo tayala lililonse linali ndi sipuling'i yakeyake, inkayenda mofewa kutchire, koma ikakhota mwamphamvu tayala lakumbuyo limapindikira m'kati galimoto n'kugubuduka, moti boma linakana kuigulitsa kwa anthu wamba kuti aziyendera pamsewu, zambiri zotha ntchito anazidula ndi moto kapena kuziphwanya. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 Humvee ya AM General inalowa m'malo, chigalimoto chachikulu, chotambalala, cha dizilo, chosiyana kutalitali ndi kaja amuna ankakanyamula pamatope.

Dzina la Jeep lokha ndi lomwe lakhala likusintha manja, kampani ya Kaiser inagula Willys mu 1953, dzinalo linapita kwa American Motors mu 1970, kwa Chrysler mu 1987, pano lili pansi pa Stellantis, ndipo Wrangler ikupangidwabe ku Toledo komwe kuja. Ku Butler nako anthu a m'tauniyo sanaiwale, kuyambira 2011 chaka chilichonse amachita chikondwerero chotchedwa Bantam Jeep Heritage Festival, ma Jeep mazanamazana amadzaza misewu ya tauni yomwe yoyamba ija inanyamukira kupita ku Holabird.